Mmene mungakumbukire mnyamata wa kwanu amene anatsalira ku nkhondo

Agogo anga aakazi amati akamva lipenga la asilikali pa wailesi mwezi wa November amasiya chilichonse chimene akuchita, olo poto ali pamoto, nkukhala phee mpaka lithe. Ife tili ana sitinkafunsa. Ndinadzamva nditakula kale kuti anali ndi mlongo wawo, mnyamata amene ankalimira tiyi pa esiteti kwathu ku Thyolo, anakwera lole ya Keyala (KAR, gulu la asilikali la King's African Rifles) mu 1942 ndipo sanabwerenso. Kunalibe mtembo, kunalibe manda, kunangobwera mesenjala wa kwa DC kudzauza amfumu, amfumu nkudzauza makolo, basi nkhani nkuthera pompo. Ife timati agogo chifukwa ndi mmene chibale chilili koma munthuyu anafa ali ndi zaka mwina 21, wamng'ono kuposa mwana wanga woyamba lero.

Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndipeze pamene dzina lake linalembedwa ndi kuti abale tigwirizane zomumangira chiliza, nde ndati ndilembe mmene tinayendera kuti wina amene ali ndi munthu ngati ameneyu pamtundu pawo asazungulire ngati ine.

Yambani ndi akuluakulu, ndipo yambani mwezi uno. Izi ndikunena motsindika chifukwa anthu amene anawaona anyamatawa ndi maso atsala owerengeka, amene anali kamwana ka zaka 8 mu 1944 pano wadutsa 85. Osawaimbira foni, pitani. Tengani kashuga ndi sopo monga timachitira, dzerani kaye kwa mwinimbumba kuti adziwe chimene mwabwerera, kenako khalani pamkeka mucheze. Foni yanu ili ndi pojambulira mawu, pemphani kuti mujambule nkuiika pansi muiiwale, kulemba mkope akuyankhula kumawapangitsa kuona ngati ali pa polisi. Ndipo musayambe ndi funso loti anafa bwanji, zimenezo nthawi zambiri sadziwa ndipo zimatseka kukamwa. Ine ndinafunsa azakhali a amayi anga kuti kodi achimwene anu aja ankadya chani chimene ankachikonda, anaseka nkuti kalongonda, akuti ankatha mbale yekha, ndipo kuchokera pamenepo nkhani zinangotuluka zokha mpaka dzuwa kulowa. Anali wamanzere. Ankaimba akamasenga dengu. Anali atatomera mtsikana wa kutsidya la mtsinje amene anadikira zaka zitatu asanakwatiwe kwina. Anapita chifukwa malipiro a pa esiteti sankakwana msonkho ndi bulangeti pomwe, ndipo anzake awiri anali atalembetsa kale. Zinthu ngati zimenezi simudzazipeza mu fayilo ya boma iliyonse, ndipo kwa ine ndi zimene zinamusandutsa munthu, poyamba anali chabe "uja anapita ku nkhondo".

Pamenepo funsaninso maina ake onse. Ili ndi gawo limene ambiri timaphonya. Mnyamata mmodzi amatha kukhala ndi dzina la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo kapena la ku mzikiti, ndi lina limene kapitawo anamupatsa kuntchito, ndiye polembetsa usilikali kalaliki amalemba limodzi mwa amenewa nkuphatikiza dzina loyamba la bambo ake, osati mfunda kapena chiwongo chimene inu mukugwiritsa ntchito lero. Ena ankasinthiratu dzina dala kuti makolo asawalondole. Lembani onse, ndi dzina la bambo ake, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma monga zinkatchulidwira nthawi imeneyo, Thyolo inali Cholo, Mulanje inali Mlanje, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald.

Kenako mudziwe kuti inali nkhondo iti, chifukwa kumudzi zonse amangoti nkhondo ya azungu kapena ya Jeremani. Ngati akutchula Chiwaya, Karonga, kuyenda pansi mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique atasenza katundu, imeneyo ndi ya 1914 mpaka 1918. Kwathu kuno inafika pa 9 September 1914 pamene Ajeremani anamenyana ndi asilikali a King's African Rifles ku Karonga, ndipo anthu a Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, kuposa kutalitali amene anagwira mfuti. Ngati akutchula Abyssinia, Somaliland, Madagascar, Ceylon, Burma, sitima ya pamadzi, Ajapani, imeneyo ndi ya 1939 mpaka 1945, ya Hitler ija. Malaya ndi m'ma 1950. Ngati ndi za njanji ya ku Nacala ndi chakumapeto kwa m'ma 1980, nthawi imene asilikali athu ankalondera sitima mkati mwa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ndipo za ku Congo ndi za dzulodzuloli, mabala ake akadali aawisi, mu November 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, mu January 2025 enanso anafera kufupi ndi Goma. Kwa ife liwu limene linatsegula njira linali loti Burma, azakhali aja ankalikumbukira chifukwa mnzake amene anabwerako ankalitchula akaledzera nkumalira.

Mnzake ameneyo ndi wofunika. Anyamata ankalembetsa m'magulu, a mudzi umodzi kapena esiteti imodzi, nde fufuzani banja la amene anabwerako wamoyo. Ife tinapeza mdzukulu wake akusunga kachitini ka mamendulo ndi kabuku ka malipiro kong'ambika. Mendulo zimayankhula ngati ukudziwa kuziwerenga. Za nkhondo yoyamba zimakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake kapena kumbuyo, tengani tochi muyang'ane bwino. Za nkhondo yachiwiri zambiri zilibe dzina koma nyenyezi yake imalembedwa kumene munthu anamenyera, The Burma Star kapena The Africa Star, ya Burma kansalu kake ndi kofiira pakati, m'mbali mwa buluu ndi olenji. Musazikweche ndi phulusa kapena sitiliwulu chonde, ingopukutani ndi kansalu kouma. Mapepala ajambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, pangani fotokope, enieniwo muwasiye kwa eni ake mu envulopu, osawamata pulasitiki ya laminesheni chifukwa pepala lakale likalowa mmenemo silitulukanso.

Chimene mukusaka kwenikweni ndi nambala. Usilikali umadziwa munthu ndi nambala kuposa dzina. Ya mnzake uja inkayamba ndi zilembo DN, ndipo poti analembetsa tsiku limodzi tinaganiza kuti ya agogo athu siingakhale patali, ndipo zinalidi choncho.

Tsopano pa intaneti. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, mwachidule CWGC, ndi limene limasunga maina a amene anafa mbali ya Britain pa nkhondo ziwiri zija, ndipo kusaka pa webusaiti yawo ndi kwaulere, bandulo yanu basi. Lowani pofufuzira anthu akufa pa nkhondo, lembani dzina limodzi lokha kaye, sankhani nkhondo yake, pa regiment lembani King's African Rifles. Likapanda kutuluka musagwe ulesi, sinthani kalembedwe, pamene pali L ikani R, pamene pali CH yesani C yekha, W ndi V, dzina loyamba liikeni kumapeto, chifukwa amene ankalemba ankangolemba mmene khutu lawo lamvera. Yesaninso magulu ena, sikuti aliyense anali wa mfuti, ena anali madalaivala, ena onyamula ovulala, ena a mizinga, ndipo amenewa ali pansi pa maina ngati East African Army Service Corps kapena East African Artillery. Ine ndinakhala mausiku angapo, ndinadzalipeza dzina litalembedwa ndi chilembo chimodzi cholakwika, lachiwiri lili la bambo ake ndendende, nambala yosiyana pang'ono ndi ya mnzake uja, Private, November 1944, Rangoon Memorial. Ndinadzutsa mayi a kunyumba usiku omwewo kuti adzaone.

Rangoon Memorial ili mkati mwa manda a Taukkyan kunja kwa mzinda wa Yangon ku Myanmar, ndipo pali maina pafupifupi 27,000 a asilikali amene manda awo sadziwika. Ndiye kuti thupi lake silinapezeke kapena linakwiriridwa mthengo pamene anagwera. Mwezi umenewo gulu la 11th East African Division, mmene munali mabatalioni a Nyasaland, linali likutsika chigwa cha Kabaw kulowera ku mtsinje wa Chindwin, ulendo umene anauyamba mvula ya monsoon ili pakati, matope ofika m'mawondo, malungo ndi matenda a nthata za mtchire zikugwetsa anthu osawerengeka, mpaka anakafika ku Kalewa kumayambiriro kwa December. Ndikawerenga zimenezi ndimaona mnyamata wa ku Thyolo amene mvula ankaidziwa bwino, koma ya kwawo, yokhala ndi pothawira. Pa tsamba la munthu aliyense pali satifiketi imene mungathe kuchita dawunilodi nkukapulinta, ife tinapulinta zisanu, nyumba iliyonse ya mbumba yake.

Ena mupeza kuti wanu ali pa East Africa Memorial ku Nairobi, ena ali ndi manda enieni ku Ethiopia, ku Kenya, ku Madagascar kapena ku Sri Lanka. Koma ndikuuzeniretu, ambiri simudzapeza kanthu, makamaka a nkhondo yoyamba, ndipo chifukwa chake si inu. Mu April 2021 a CWGC eni ake anatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa kuno, sanalembedwe maina pena paliponse pomwe azungu anzawo anapatsidwa mwala wawo kapena kulembedwa dzina pa chipilala, ndipo boma la Britain linapepesa mu nyumba ya malamulo. Amtengatenga ndi amene anafufutika kwambiri, munthu wafa ndi kamwazi kapena njala panjira katundu ali pamutu, amangomukankhira pambali ulendo nkumapitirira. John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba, mu kalata yake ya ku Nyasaland Times ya November 1914 anadandaula kuti olemera ndi eni minda ndi amene akanapita kukawomberedwa, koma amene akutengedwa ndi amphawi opanda kanthu amene adzangosiya amasiye. Nkhaniyi ikandifika pamenepa mtima umandiwawa ndithu, chifukwa mpaka lero amene amapita kutsogolo ndi mwana wa mlimi, mwana wa mlonda, amene analowa usilikali atasowa fizi.

Ngati intaneti yakanika pitani ku Zomba. Chipilala cha KAR chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks, cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi pamwamba, chili ndi maina oposa 1,000 a asilikali a nkhondo yoyamba, pitani ndi maina anu onse aja muwerenge mzere ndi mzere, musathamange. Ku Zomba komweko kuli National Archives kumene kuli mafayilo a ma DC akale, tengani chitupa chanu ndipo mufotokoze boma ndi chaka chimene mukufuna, muyembekezere kupitako kangapo. Mabuku a ubatizo a ku mishoni amathandizanso kupeza chaka chobadwa. Bungwe la asilikali opuma la VELOM, limene kale linkatchedwa CELOM, ndi amene amagulitsa timaluwa tofiira ta popi tija, ndipo amadziwana ndi mabanja ambiri a asilikali akale. Kwa amene wanu anafera ku Nacala kapena ku Congo njira ndi yaifupi, batalioni yake ilipo, anzake a mu pulatuni ali moyo, apezeni mucheze nawo modekha chifukwa nawonso anasenza zawo. Ndipo dziwani kuti msilikali aliyense wofera pa ntchito ya United Nations amapatsidwa mendulo ya Dag Hammarskjöld, ndi ya banja imeneyo, funsani ili kuti. Dziko limamudziwa Private Chancy Chitete amene anafa mu 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu May 2019 banja lake linalandira mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York, koma anzake amene anagwa naye tsiku lomwelo ambiri sitingawatchule maina, amenewo ndi ntchito ya ife a kwawo.

Mukapeza zimene mwapeza, olo zikhale zochepa, bwererani nazo kumudzi. Apa ndi pamene pamafunika kuleza mtima kuposa pa kompyuta paja. Chiliza simumanga nokha ngati kuti munthuyo ndi wanu nokha, itanani mbumba, mwinimbumba ndi amene akalankhule kwa amfumu, amfumu ndi amene amatsegula kumanda ndi kuuza adzukulu. Kwathu kunabuka funso loti timanga pati poti palibe mtembo. Akuluakulu ena anati kale zikatere ankakwirira thunthu la nthochi mmalo mwa munthu, ena a mpingo sanafune zimenezo, tinakambirana miyezi iwiri mpaka tinagwirizana zoika mwala wake pambali pa manda a mayi ake, poti mayiwo anafa akuyang'anabe kunjira. Kwanu mwina mudzachita mosiyana, a Chisilamu adzachita sadaka, ena adzafulula mowa wa chikumbutso, ena mapemphero okha, zonsezo ndi zabwino bola musakanganirane pamaso pa ana.

Za ndalama, pangani gulupu ya pa WhatsApp, sankhani msungichuma mmodzi amene aliyense amamukhulupirira ndipo ndalama iliyonse yolowa ilembedwe pagulu pomwepo. Musalimbane ndi mwala wodula wa galanaiti ngati thumba silikulola, simenti, njerwa ndi kachitsulo kolembedwa bwino zimakwana. Chakudya ndi chimene chimadya ndalama zambiri, nde chitani nthawi yokolola itangotha, June kapena July, chimanga chili m'nyumba ndipo mvula kulibe yoononga simenti.

Zolemba pamwalapo ganizirani mofatsa. Ife tinayamba ndi dzina limene mayi ake ankamuitanira, lalikulu pamwamba, pansi pake dzina limene a usilikali analemba ndi nambala yake kuti mdzukulu wina akadzafuna kufufuza asadzavutike, kenako chaka chobadwa mongoyerekeza, mwezi ndi chaka chimene anafa, ndi mawu oti anagona ku Burma. Wina anafuna tilembe kuti ngwazi, azakhali aja anakana, anati iye uja sanapite kukafuna ungwazi, lembani kuti mlongo wathu. Tinalemba choncho.

Tsiku lenilenilo musalole kuti lisanduke msonkhano. Mukaitana andale kapena akuluakulu ambiri aliyense adzafuna maikolofoni ndipo dzina la mnyamatayo lidzatchulidwa kamodzi kokha. Ife tinachita chonchi, pemphero, amfumu mawu pang'ono, kenako mdzukulu wamkazi wa ku sekondale anawerenga pepala limodzi la mbiri yake, kuyambira kalongonda uja, dengu la tiyi, lole, sitima ya pamadzi, mpaka chigwa cha Kabaw. Titatero tinakhala chete mphindi ziwiri monga amachitira asilikali. Tinapeza bambo wina wopuma usilikali wa m'dera lomwelo amene anabwera atavala mamendulo ake nkuchita sailuti pamwalapo, azakhali aja analira ngati uthenga wabwera dzulo, ndipo amayi onse anawalandira maliro aja mmene zimakhalira pa siwa, patatha zaka pafupifupi 80. Musawatonthoze msanga anthu akamalira pamenepo, maliro amenewa sanalilidwe. Madzulo achinyamata anavina, ndipo ngati kwanu kuli beni, malipenga kapena mganda aitaneni ndithu, magule amenewa anachokera ku perete wa asilikali omwewa, mayunifolomu, ndodo ya sajeni, malipenga a zikho, palibe gule woyenera tsikuli kuposa amenewa.

Ngati msilikali wanu ndi wa posachedwa ndipo anasiya mkazi ndi ana, bajeti ya chiliza isapose zimene mwaika pa fizi ya anawo, ndipo abale musakhudze za penshoni ndi katundu wa amasiye. Mwanayo mupatseni chithunzi cha bambo ake chabwino chimodzi cha mu felemu, osati cha yunifolomu chokha, chinanso ali wamba akuseka.

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la November ndi limene dziko limakumbukira asilikali, pafupi ndi pa 11 November tsiku limene nkhondo yoyamba inatha ku Ulaya mu 1918, ngakhale kuno Ajeremani a von Lettow-Vorbeck anadzagonja pa 25 November ku Abercorn, imene pano ndi Mbala ku Zambia. Mwambo umachitika ku chipilala cha ku Zomba, cha ku Area 18 ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, 11 koloko lipenga limalira anthu nkukhala chete. Aliyense amaloledwa kukaonerera, fikani msanga, gulani popi mubaye pachifuwa, ndipo akuluakulu akamaliza kuika nkhata zawo nkubalalika mutha kufika pafupi ndi maluwa anu a pakhomo. Amene muli kutali, ku Joni kapena ku UK, nthawi yomweyo ikani chithunzi cha mwala uja pa gulupu ya banja ndi pepala la mbiri lija, ana aliwerenge mokweza.

Mawu a azakhali aja ndinawasunga malo atatu, mu foni, pa fulashi ndi pa imelo, ndipo ndinapempha mphwanga kuti awalembe onse mmene anayankhulira, Chilomwe chosakanikira ndi Chichewa, osakonza kalikonse. Iwo anatisiya chaka chatha. Mu rekodi muja muli pena pamene akuimba nyimbo imene mlongo wawo ankaimba akamasenga dengu, mizere iwiri yokha ndi imene ankaikumbukira, ndipo November uno tagwirizana kuti ana akaiphunzire akaiimbe pamwala paja.